Atamanda Pepala la Tiyamike Osaliwerenga

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Ngati Faisoni Kapyepye anafika kumeneko, musamupatse moni. Ndi uja anabwera ndi lole kwathu ku Nathenje, n'kutamanda fodya wathu osatsegula ngakhale belo limodzi, n'kupita naye osalipira mpaka lero. Nditamupeza pamsika wa Mitundu ndinamuswa nsagwada ndi mpini, magazi n'kunyowetsa fumbi. Sindinamvepo chisoni.

Kuno mvula inagwa bwino, mtedza takumba wambiri. Mdzukulu wanu Esinati wabereka mwana wamwamuna. Koma ine mtima ukuwira.

Tiyamike, chitsirizira changa, amene munamusiya akukwawa, ali kukoleji ya zaulimi. Anafufuza za chimanga chanu chamakolo, chija anankafumbwe amachilephera, n'kulemba pepala. Kukolejiko sapereka digiri yapamwamba pepala lisanasindikizidwe m'magazini ya akatswiri. Ndiye pafoni pake panabwera uthenga wa anthu akunja, akumutchula kuti pulofesa, akuti ntchito yake ndi yosowa, atumize msanga. Anatumiza, m'mawa mwake avomera, iye n'kulipira.

Atandifotokozera, ndinamufunsa ngati anamukonzera kalikonse. Ngakhale liwu limodzi. Ndinakumbukira Kapyepye, amayi. Paja munkati wogula weniweni amang'amba belo, amanunkhiza, n'kunyoza fodya wako iwe uli pomwepo.

Aphunzitsi ake akuti magaziniyo ndi yachinyengo. Imasindikiza za mano, za ndege, za chimanga, zonse mulu umodzi, popanda woziwerenga. Koleji yakana pepalalo. Magazini zenizeni nazo zikukana, akuti linatuluka kale kwina. Mwana sakudya.

Kapyepye anali ndi nsagwada. Awa alibe nkhope, alibe mudzi. Ndinanola chikwanje, koma ndikatema yani? Ndinakhapa nthochi zakuseri kwa khola mpaka zonse zinagona. Akanaponda pakhomo pano, ndikanawadula zala zimene amalembera mabodzawo, chimodzichimodzi.

Tiyamike wawalembera kuti achotse pepalalo m'magazini yawo, aphunzitsi ake asayinira. Sanayankhe. Tsopano uthenga uliwonse womutamanda amayamba wakauonetsa kwa woyang'anira laibulale.

Chifuwa chandifooketsa, ndikudziwa kuti ndayandikira. Ndikufuna chinthu chimodzi: akubawo achotse pepalalo, mwanayu alitumize kumene akalinyoze, alifiiritse ndi inki, kenako alilandire. Zimenezi zisanachitike musandiyalire mphasa, sindibwera. Zikatheka ndidzabwera kudzakuuzani ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane