Alendo Anaponda Pamene Munagona

Amayi, kodi kumene muliko mukupezako bwanji? Ife kuno Mulungu akutisungabe, ngakhale ine mtima wanga suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati nkhani yolemera samuuza munthu ali chiimire.

Agnesi, mng'ono wanga, anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi. Mphumi ndi yanu yeniyeni, mpaka akamakwinya nkhope timaseka kuti agogo abwera kudzaona ngati tasesa. Tinamubatiza Pasaka itangotha. Bambo ake ali ku Joni kuja, foni ikumalira mwa apo ndi apo. Chimanga cha kumtunda tinagawana ndi mbozi, koma mpunga wa kudambo unachitako. Nyanja inadzaza kwambiri chaka chino, inameza thandala lanu loyanikapo usipa, kunangotsala mitengo iwiri ikusuzumira pamadzi. Abiti Saidi, anzanu a kumsika aja, pa Idi anatitumizirabe mbale ngati kale.

Munachoka ndisanapeze ntchito. Pano ndili pa loji ina kuno ku Lungwena, ndimaperekeza alendo ochokera kunja. Chingerezi chija ndinkakusokoserani nacho poloweza mafunso ndi mayankho a ku sekondale ndi chimene chikutidyetsa. Amafunsa zambiri alendowo: nsanja ya wotchi ya pa boma ndi ya chiyani, kumyuziyamu amatsegula nthawi yanji, ku Chembe n'kutali bwanji, mvuu angazione pati mu Shire, pano akasambira ng'ona siziwagwira? Ndimayankha, ena mpaka amandiyamika. Koma ndazindikira kanthu. M'buku la mafunsolo munthu wofunsidwa ankangovomera basi: inde, khotani kumanzere, inde, mungathe kujambula. Kukaniza mlendo mwaulemu sitinaphunzire.

Tsopano khalani pansi, Amayi.

Mwezi wathawu kunabwera gulu, pakati pawo mayi wina wa imvi. Anati m'bale wa agogo ake anali mmodzi mwa azungu a mishoni amene anagona kumanda a kutchalitchi kwathu, ndipo anandifunsa ngati ndingamuonetse malowo. Bwana wa loji anati ndiwatengere tsiku lomwelo. Ine mwambo ndikuudziwa. Kumanda sitingolowa ngati kumsika, timayamba tauza amfumu ndi akuluakulu a mpingo, ndipo manda salozedwa ndi chala. Tili m'galimoto ndinafuna kuwafotokozera. Koma mawu onse a Chingerezi amene ankandibwerera ankamveka ngati ndikunena za mizukwa, ndipo ndinachita manyazi kuti andiyesa wachikunja, ine wa kwaya. Ndinangoti tafika, tsikani.

Mukudziwa kuti kanjira kopita ku mitanda yachitsulo ya azungu kamadutsa pambali panu. Chiliza sitinamangebe. Mvula yaphwasula mtumbira wanu, ndipo mtanda wamatabwa uja chiswe chinaudya, amalume anauchotsa kuti akakhome wina. Munthu wachilendo sangadziwe kuti pali munthu. Ndiye bambo wina wa kamera anafuna pokwererapo pang'ono kuti ajambule bwino. Anakwera pa inu, Amayi, ndi nsapato zake. Anacheuka n'kundifunsa ngati palibe vuto kuima pamenepo. Ndinamwetulira. Ndinati palibe vuto.

Sindingamuimbe mlandu, paja anafunsa. Inu munkati mlendo alibe maso, amaponda pamene waponda mwini mudzi. Mayi wa imvi uja anapeza dzina limene ankafuna, anagwada, anazula udzu ndi manja ake, analira. Ine ndili poteropo ndikuloza uku ndi uku, ndikufotokoza za njerwa za tchalitchi ndi belu lake, mawu osanjenjemera n'komwe. Iye anadutsa nyanja zamchere kudzagwadira munthu amene sanamuonepo. Ine wobadwa mwa inu ndinakupatsani kwa mlendo kuti mukhale chopondera.

Amayi ena ochokera kumjigo anationa tikutuluka, ndipo ndisanafike pakhomo nkhani inali itafika kale kwa achimwene anu, amalume a Matiyasi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifunsa ngati Chingerezi chilibe mawu okanira. Kenako anati iwo akapepesa okha kwa amfumu, koma ndikadzabwereza, tsiku lomanga chiliza chanu ndisadzapezekepo. Za nsapato zija sakudziwa. Sindinauze aliyense kupatula abambo ansembe, ndi inu lero, ngakhale inu munazimva nokha.

Abambo ansembewo anati Mulungu wakhululuka, ndipo ndikukhulupirira. Koma Lamulungu lapitali anthu akupita kukalandira Mgonero ine ndinangokhala pabenchi. Poimba ndimangotsegula pakamwa.

Chovuta n'chakuti bwana wasangalala. Alendo aja analemba zoyamikira pa intaneti, ndiye iye waika manda athu pa ulendo wa sabata iliyonse, pamodzi ndi tchalitchi ndi msika wa nsomba. Loweruka likubwerali kuli gulu lina. Ndinayesa kumuuza kuti pamafunika kupempha, anandiyankha akuyang'ana foni kuti alendo sangadikire amfumu, ndipo atsikana odziwa Chingerezi ku Mangochi ndi ambiri. Sananame. Ndipo pakhomo pano Agnesi ndi kamwana kaja akuyang'ana ine. Ndikawaona ndimati mwina ndingowatengera alendowo, ndidzere njira ina ya kuseri, palibe angadziwe. Ndikuulula kuti maganizo amenewo andichezera kangapo, ndipo sindinawathamangitse msanga.

Koma kuseriko kwagona mayi a munthu wina.

Ndiye ndakhala ndikufunafuna mawu a Chingerezi okanira, ndawapeza, ndipo si ambiri ayi. Kuno n'kumanda, muli anthu athu, sitilowa tisanapemphe. Ndawayeseza popita kuntchito mpaka wakabaza wina anandifunsa ngati ndikupemphera. Mawa ndikamuuza bwana kuti alendo ndidzawaonetsa tchalitchi, belu, gombe, chilichonse, ndipo amene ali ndi wake m'mandamo ndidzamuperekeza ndekha kwa amfumu. Mwina andimvera. Mwina pofika Lolemba ndidzakhala ndili pagombe ndikudikira mabwato ndi beseni. Ndikuopa, Amayi, sindikubisirani. Mundipempherere kumeneko, poti inu muli pafupi.

Ndimakukondani, ndipo ndikulonjeza ichi: ngati Loweruka ndidzakhale ndikadali pantchito, ndidzaima pachipata cha manda. Akadzandifunsa chifukwa chake, ndidzawauza m'Chingerezi chawo chomwecho kuti mayi anga ali m'menemo.

Ndine mwana wanu,
Esinati