Ndikuona magazi m'chimbudzi, koma ndi apongozi anga

Aphungu,

Ndili ndi nkhani imene ikundikanika kutulutsa pakamwa. Apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzakhala nafe kuno ku Area 25. Chimbudzi chathu ndi chamadzi ndipo wotsuka ndine. Iwo akatulukamo, kawirikawiri ndimapeza magazi. Aonda mpaka lamba wawo anachita kuboola pena ndi msomali.

Aphungu, kwathu apongozi sudya nawo pamodzi, ukakumana nawo panjira umapatuka. Ndiye ine ndikagwade n'kunena kuti ndaona zimene asiya m'chimbudzi? Ndinawauza amuna anga, a Enerst, koma anangoti, "Iwe, ine ndikafunse madala za ku toileti? Ndi matenda a mudzi chabe amenewo, atha okha."

Ndinamva pa wailesi kuti khansa ya m'matumbo amatha kuiona poyeza magazi. Ndikuganiza zowanamiza kuti tikayezetse malungo, kenako ndikanong'oneze adokotala kuti ayeze zimenezo. Kodi zingatheke? Ndili ndi mantha, chifukwa bambowa ndimawakonda ngati ondibereka.

T.K., Area 25, Lilongwe.

Mayi T.K.,

Mwachita bwino kusaugwira mtima. Koma nzeru ya malungoyo isiyeni. Dokotala weniweni sangayeze munthu wamkulu mobisa, ndipo apongoziwo akadzazindikira mudzayamba kupatukirana zenizeni.

Zimene munamva pa wailesi zili ndi mbali yoona. Chotupa cha m'matumbo chimatha kutulutsa mapuloteni ena amene amapezeka m'magazi. Vuto n'lakuti mapuloteniwo amakweranso mwa osuta fodya ndi odwala chiwindi, pomwe ena amene ali ndi khansa magazi awo amaoneka bwinobwino. Ndiye kadontho ka pa chala sikangakupatseni yankho. Dokotala ayenera kuwafunsa, kuwapima kumene kukuchokera magaziko, ndi kuyeza chimbudzi chawo. Mwina n'zoona kuti ndi mudzi, kapena kamwazi. Koma munthu wachikulire akamataya magazi uku akuonda, sitichita kulota.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma apongozi anuwa manyazi awamanga manja. Mwambo umene wakutsekani pakamwawo unasiya khomo lina. Kodi alibe msuweni wawo, uja amanyozana naye pa maliro anthu n'kumaseka? Ameneyo palibe chimene sanganene. Mupezeni, mumuuze zonse mosazungulira, ndipo sabata ino awaperekeze ku chipatala. Akawatumiza ku chipatala chachikulu cha Central, apite ndithu.

A Enerst muwauze kuti ndawanena. Mwana wamwamuna wotani woopa kufunsa bambo ake kuti m'mimba muli bwanji? Komanso adziwe kuti ikapezeka kuti ndi khansa, nawonso adzafunika kukaonana ndi dokotala, chifukwa nthendayi nthawi zina imayenda m'mtundu.

Chenjezo langa ndi ili: musalole kuti abwerere ku Ntcheu asanapimidwe. Kumudzi chimbudzi n'chokumba, ndipo palibenso amene adzawaone magaziwo.

Aphungu.