Mpweya wa kwa Priska

Kuno ku Chiromo,
mwezi wa Novembala, 1924.

Okondedwa achimwene anga a Hilario,

Ndayamba ndi kukupatsani moni, inu ndi alamu anga a Evelesi, pamodzi ndi ana onse. Kodi mukudzuka bwanji ku Kabulako? Chifuwa chija munkadandaula nacho nthawi yachisanu chinakusiyani?

Ife kuno tilipo. Mayi akudzuka bwino, kungoti maondo amawavuta akamachokera kudimba. Jesinta wayamba kumera mano, akuluma aliyense womunyamula. Dzuwa ndi lija mukulidziwa. Mvula sinagwe, ndipo masana mchenga sungaupondeke.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya m'nyumba mwanga. Musaiwerenge mokweza pali ana.

Munamva kuti alamu anu a Elisha, bambo a Jesinta, anagula njinga chaka chatha kwa mmwenye wa sitolo. Inali yakale, koma yolimba. Tsiku limene inafika ndinaimba nthungululu ndine. Ndinali nditatopa kuwaona akunyamuka tambala woyamba kupita kumakina a thonje, n'kubwerako mapazi atatupa. Ndinati tsopano mwamuna wanga aziona mwana wake asanagone.

Kufika amafikadi dzuwa likadalipo. Koma sikuti amafikira ife. Amaigadabuza pansi pa bwemba, matayala kumwamba, n'kuyamba kuipukuta. Nsalu yanga yakale anaing'amba kuti ikhale chopukutira. Mafuta ansatsi amene ndinaphikira kudzoza mwana anathera m'tcheni, akuti mchenga wa kuno umadya tcheni ngati chiswe. Masipoko amawakhwacha ndi chala limodzilimodzi, khutu ali tcheru, ngati munthu wokonza bangwe. Ukawalankhula pamenepo amangoti “mm”.

Imagona m'nyumba, achimwene. Ati panja mame angaidyetse dzimbiri.

Amayi akudooko anayamba kundifunsa kuti mkazi mnzanga wadzuka bwanji. Nthawi imeneyo ndinkaseka nawo. Chitsulo n'chitsulo.

Ndinawapempha kangapo kuti andikweze, ngakhale kungofika kumsika. Yankho linali limodzi: tayala lakumbuyo n'lofooka, masipoko angathyoke, njira ndi yamchenga. Ndinamva. Sindine mwana woti n'kulirira kukwera njinga.

Vuto la njingayi n'lakuti inabwera yopanda pampu. Inu mukuidziwa njira yathu, minga ya mthethe ili mbwee, makamaka pamene mbuzi zimadutsira. Sabata siitha tayala lisanaphwe. Kumata chubu amadziwa, koma ukamata umafuna mpweya. Poyamba ankabwereka pampu kwa kalaliki wa kuntchito kwawo. Kalalikiyo atamusamutsa, pampu inapita naye.

Ndiye kunapezeka kuti dera lonse lino pampu ili kwa munthu mmodzi, Priska.

Mwina mukumukumbukira, mkazi wa malemu Andireya, uja ankayenda ndi makalata. Mwamuna wake atamwalira, njinga yake abale anatenga, koma pampu inatsala m'nyumba. Iye tsopano amagula nsomba kwa asodzi akudambo, n'kumakagulitsa kumsika. Nyumba yake ili pakati penipeni pa njira ya bambo a Jesinta. Ndi wamtali, woyenda mowongoka, ndipo akamaseka amabisa pakamwa ndi dzanja ngati namwali. Alibe mwana.

Bambo a Jesinta anandiuza okha kuti amapatukirako kukapopa. Sindinaganize kanthu. Koma kenaka kupatukako kunakhala kwa tsiku ndi tsiku. Ndinafunsa ngati minga yachuluka chaka chino. Anati chubu chakalamba, chimatulutsa mpweya pang'onopang'ono usiku, ndiye m'mawa uliwonse chimafuna kuwonjezera.

Tsiku lina ndikusesa, ndinaona mamba a nsomba atamatirira pakaliyala. Ndinanunkhiza chishalo, utsi wa nsomba zowamba wokhawokha.

Madzulo ndinawafunsa. Sanakane. Anati munthu sungamangopopera pampu yake osamuthokoza, ndiye amamunyamulira dengu mpaka kumsika. Ndinati nanga mwini dengu amatsala? Anayang'ana kumbali, nati masiku ena amakwera nawo, dengu ali nalo pamiyendo.

Achimwene, tayala lija lofooka kwa ine, limanyamula Priska ndi dengu lake lomwe.

Sindinakuwe. Mukundidziwa, ndikapsa mtima ndimazizira. M'mawa mwake iwo atapita, ndinabereka mwana, n'kutenga nkhuku yanga yoikira ndi lichero la mapira, ulendo kwa Priska. Ndinati ndikagule pampuyo, nkhani ithe.

Anandilandira bwino, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Anandiyalira mphasa, nanditungira madzi ozizira, nasewera ndi Jesinta. Nditanena chimene ndinadzera, anapukusa mutu. Anayankha mosakaniza ndi Chisena chake chija, kuti, “Nkhabe, mayi a Jesinta. Pampuyi ndi yokhayo anandisiyira mwamuna wanga, siituluka m'nyumba muno. Wofuna mpweya azibwera adzapopere pano.”

Ndili pamphasapo, maso anga anagwa pabwalo. Panali mizere ya matayala itazungulirazungulira mtengo wa mango, ina yokhotakhota ngati njira ya njoka. Munthu wongobwera kudzapopa sazungulira mtengo. Ndinafunsa kuti imeneyi ndi ntchito yanji. Iye, osachita manyazi n'komwe, anati a Elisha amamuphunzitsa kupalasa, amamugwirira chishalo kumbuyo iye akuyesa. Anandionetsa ndi chipsera cha pabondo pamene anagwera.

Ndinabwerera ndi nkhuku yanga kukhwapa. Njira yonse ndinkangoona dzanja la bambo a Jesinta lili pachishalo, iye atakhalapo.

Ndisaname pamaso pa Mulungu, sindinawapezepo akuchita choipa. Palibenso amene wabwera kudzandinong'oneza zotero. Koma inu ndinu mwamuna, ndiuzeni. Kodi munthu amathamanga kumbuyo kwa njinga dzuwa la kuno chifukwa cha mpweya wokha?

Loweruka ndinawauza kuti mawa kutchalitchi ndipita pa njinga, apo ayi inenso sindipita, ndipo aphunzitsi akutchalitchiko akadzafunsa ndidzawauza chifukwa chake. Anavomera. Ndinawaona akumangitsa masipoko akumbuyo mpaka dzuwa kulowa.

Lamulungu ndinavala nsalu ija munanditumizira, mwana ndinamusiya ndi mayi. Ndinakhala pakaliyala chammbali, n'kuwagwira malaya. Achimwene, ndinamva kukoma! Mphepo inkandiomba kumaso, mitengo ya migwalangwa ikuthamangira kumbuyo. Tikudutsa pamene amayi amasonkhana podikirana, anaimba belu, ndipo ine ndinawaweyulira dzanja kuti aone bwino kuti wakwera ndi ndani.

Sitinapite patali. Tangodutsa pamthethe waukulu uja, ndinamva chitsulo chikugunda pansi, gu, gu, gu. Tayala lakumbuyo linali litaphweratu.

Anatsika, nazula munga, namata chubu pomwepo ine nditaima padzuwa. Atatha anandiyang'ana, nanenso ndinawayang'ana. Tonse tinkadziwa kumene kuli mpweya.

Tinakankha mpaka kwa Priska. Iye anatuluka ndi pampu tisanaodire n'komwe, ngati anamva kulira kwa njingayo. Anagwada, nagwira tayala, iwo akupopa. Sanauzane kanthu. Iye ankadziwa pogwira, ankadziwa nthawi yotsina tayala ndi chala, ndipo atangoti “basi”, iwo analeka. Ndinaona kuti manja awo anazolowerana. Ine mwini wake ndinali chiimire mu nsalu yanga yatsopano, ngati mlendo wodikira kuti eni khomo amalize ntchito.

Podzuka anandimwetulira, nati mayi a Jesinta azikhala chakutsogolo pang'ono, pafupi ndi chishalo, kuti tayala lisamalemedwe. Iye kundiphunzitsa ine kakhalidwe ka pa njinga ya mwamuna wanga!

Sindinakwerenso. Ndinabwerera kunyumba wapansi, kutchalitchi sindinafike.

Popeza inu muli kutali, ndinakagwada kwa amalume a Jeremiya. Iwo anaitana nkhoswe ya kuchimuna, tinakhala pansi. Bambo a Jesinta analumbira kuti Priska ndi mlongo chabe kwa iwo, ndipo anamumvera chisoni poona mkazi wamasiye akusenza dengu mtunda wonsewo. Amalume anawafunsa ngati mkazi wawo sasenza. Mapeto ake anagwirizana kuti bambo a Jesinta asapondenso pakhomo pa Priska, ngakhale tayala litaphwa pakhomo pomwepo.

Mawu awo asunga, zimenezo ndiwachitire umboni. Anachotsa chubu, natsendera udzu wouma m'tayala mpaka kulimba, ndipo ndi mmene akuyendera. Koma udzu si mpweya. Njinga ikulemera ngati akukoka mtondo, pamchenga amatsika n'kumakankha. Udzuwo umasanduka fumbi, ndiye amatsenderanso wina. Chitsulo cha tayala chayamba kupindika. Amafika msana utauma, ndipo ndimawathowa ndi madzi otentha. Kapitawo wawachenjeza kale za kuchedwa, akuti anthu ofuna ntchito ali pampanda m'mawa uliwonse.

Sandidandaulira. Amadya, amathokoza, amanyamula mwana. Koma pansi pa bwemba sakhalaponso, njinga amangoitsamiritsa kukhoma ndi fumbi lake. Ndinkadana ndi kaphokoso ka masipoko kaja. Lero pakhomo pali zii, ndipo sindikupeza mtendere umene ndinkaufuna.

Tsopano imvani za dzana. Ndikupeta mapira masana, ndinamva “odi”. Kutukula maso, Priska, thukuta lili kamukamu, atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Inali pampu. Anati wamva kumsika kuti a Elisha ntchito ingawathere, ndiye ndiisunge kuno mpaka titapeza yathu.

Mwina inu muti ndi mtima wabwino. Mayinso anatero. Koma ine ndinakumbukira kuti ndinapita kwa iye ndi nkhuku ndi mapira, nandiuza kuti pampuyo siituluka m'nyumba. Lero yatuluka yokha, yaulere, yayenda mtunda wonsewo, chifukwa wamva kuti mwamuna wanga akuvutika. Chimene anakaniza ine, wabweretsera iwo.

Ndinamuthokoza mwaulemu. Ndinamupatsa madzi akumwa monga anandipatsira. Kenaka ndinamubwezera katundu wake m'manja, n'kumuuza kuti achimwene anga a ku Kabula atitumizira yathu. Ndinatchula dzina lanu ndisanakupempheni, mundikhululukire.

Sindinawabisire bambo a Jesinta. Atasamba ndinawauza zonse, ndikuyembekeza kuti akalipa chifukwa cha ntchito yawo. Akanakalipa ndikanapepesa, mwinanso ndikanapita ndekha kukaitenga. Koma anafunsa chinthu chimodzi chokha. Anati, “Dzuwa lonseli, anabwera wapansi?”

Sanafunse za pampu, achimwene. Sanafunse za ntchito.

Ndiye ndagwira mwendo wanu. Ku Kabulako masitolo ndi ambiri. Ndigulireni pampu, chubu chatsopano ndi ulimbo uja womatira zigamba. Kukula kwa tayala ndayeza ndi luzi, ndaliika m'kalata momwemu, mukangowaonetsa ogulitsa adziwa. Mupatsire munthu wodalirika wobwera pa sitima, ndipo pamwamba pake mulembe dzina langa, osati lawo. Ndikufuna ndiwapatse ndi manja anga, ndigwade ndigwire tayalalo ndine. Tikakolola kudimba ndidzakutumizirani mbatata ndi nsomba zouma, sindidzaiwala.

Chitani msanga, mvula isanagwe, chifukwa matope akabwera udzu uja sudzayenda n'komwe, ndipo ntchito ikawathera mlandu udzakhala wanga pamaso pa abale awo.

Koma ndikuuzeni zoona, katunduyo ndikumufuna, ndiponso ndikumuopa. Lero ndingathe kudzinamiza kuti ankapatukira mpweya. Pampu ikadzakhala m'nyumba muno, ankhoswe adzamasula lamulo lija, njira idzakhala yotseguka, ndipo chifukwa chopatukira sichidzakhalapo. Akadzadutsa pakhomo paja osatsika, ndidzapita ndekha kukapepesa kwa Priska. Akadzatsika, ndidzakulemberaninso, ndipo ulendo umenewo musadzatumize katundu. Mudzabwere nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Evelesi, muwauze kuti andikumbukire m'mapemphero. Moni kwa ana onse, ndi kwa anthu akwathu amene mumakumana nawo kumeneko. Mayi akuti musaiwale fodya wawo. Amalume a Jeremiya akupereka moni.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito yanu, ndipo atikumanitse tili amoyo.

Ndine mlongo wanu,
Otilia, mayi a Jesinta.