Tsiku Limene Nagama Anamenyedwa pa Ntaja

Chilomoni, Blantyre
14 Ogasiti 2023

Achemwali anga a Maryam,

Assalaam aleikum. Ndikhulupirira kuti muli bwino inuyo, alamu ndi ana onse, komanso kuti mwendo wa amayi unasiya kutupa. Ine ndili bwino, Alhamdulillah. Palibe pamene pakundipweteka, ndipo masiku ano zimenezi zikundichititsa manyazi.

Ndisanapite patali, ndili ndi uthenga wa maliro. Mwachisoni chachikulu ndikudziwitsa banja lonse la malemu Che Bilali kuti wigi ya Rashida inatisiya. Inamwalira masabata awiri apitawo pa msika wa Ntaja, itatumikira mtundu wa Amalawi kwa zaka zisanu ndi zinayi osachapidwa mokwanira. Thupi lake silinapezeke lonse. Ndamva kuti chidutswa china chili pa handulo ya wakabaza wina, chimapita ku Nselema ndi kubwerako tsiku lililonse. Sadaka sitichita.

Ndikudziwa kuti kavidiyo kaja kanafika pa foni ya alamu, ndipo munangoona fumbi ndi miyendo ya anthu. Pa foni ndinakuuzani kuti Rashida wangovulala pang'ono. Ndinanama. Lero ndikufotokozerani zonse, poti papepala simungandidule pakamwa.

Rashida mukumudziwa kuposa ine, ndinu munamubereka kumbuyo. Mukukumbuka ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atapezeka kuseri kwa madrasa akutsanzira abambo mmene ankakhosomolera asanayambe kuphunzitsa? Anamukwapula, iye n'kubwera kunyumba kudzatsanzira kukwapulako. Ku sekondale ya ku Balaka anawina mpikisano wa zisudzo atasewera ngati bambo woledzera, abambo n'kukhala mwezi osamuyankhula chifukwa cha thalauza. Atabwera kuno anayamba ndi masewero a pa wailesi, kenako m'maholo momwe nthawi zina osewera ankachuluka kuposa oonera. Dzina analipeza pa kanema, mu sewero lathu la Mpanda wa Eni, pamene anakhala Nagama.

Poti kumudziko mumaonera mwa apo ndi apo, ndikuuzeni ntchito za Nagama. Anathira mankhwala m'thobwa la mkazi mnzake. Anawotcha dzanja la mwana womupeza chifukwa cha dzira limodzi. Anagulitsa nyumba ya mchimwene wake maliro asanatuluke. Zonsezi ndimalemba ndine, nditakhala pa mpando wabwino ndikumwa tiyi, koma nkhope imene anthu amaona ndi ya Rashida. Mu minibasi ya ku Limbe anamulavulirapo. Mayi wina ku Balaka anakana kumugulitsa tomato, akuti mwina akathiramo zake zija. Tinkaseka. Iye ankati malovu amenewo ndiye mendulo zake, poti zina m'dziko muno kulibe.

Mwezi watha bungwe lina linatilemba ntchito yozungulira Balaka ndi Machinga ndi sewero loletsa kulanda katundu wa amayi amasiye. Apa ndiye ndinatulutsa nzeru zanga za ku yunivesite, zija munagulitsira mbuzi. Njira yake ndi iyi: simulengeza kuti kuli sewero, simumanga nsanja. Osewera amangoyamba mkangano pakati pa msika ngati zenizeni. Anthu akasonkhana, mitima itatentha, mtsogoleri amaliza wezulo, n'kuulula kuti ndi sewero, kenako n'kufunsa anthu kuti nkhani yotere ingathe bwanji. Ndinalembapo masamba makumi anayi za njira imeneyi, aphunzitsi anga n'kundigwira chanza.

Ku Balaka zinayenda. Aphunzitsi ndi makalaliki anaima manja ali m'thumba, n'kumakangana za malamulo mpaka ife kutopa. Ku Liwonde chimodzimodzi. Pa Ntaja tinafika tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, anthu ali pikitipikiti.

Mnzake wa Rashida, Ophelia, ndiye ankasewera mayi wamasiye. Anakhala pa mkeka ndi matiresi, mapoto ndi mutu wa makina osokera. Rashida anatulukira atavala wigi ija ya Nagama, n'kuyamba kukoka matiresi akulalata kuti zonse anagula ndi mchimwene wake, ndipo mkazi anabwera ndi chitenje chimodzi abwerere ndi chitenje chimodzi. Kenako anamuwomba mbama. Mbama ya m'sewero siifika patsaya, Ophelia amadzimenya yekha pantchafu kuti phokoso limveke. Koma tsiku limenelo mtsikanayu analira bwino kuposa masiku onse a moyo wake. Ine ndinaima pafupi ndi ogulitsa usipa, wezulo ili m'manja, ndikudikira kuti anthu apse bwino.

Mayi wina wogulitsa chinangwa anadzuka n'kuloza Rashida. "Uyu si Nagama uyu? Tinkayesa ndi za pa kanema, kani ndi khalidwe lake!"

Anamumenya ndi chinangwa pamsana. Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, mumtima ndikuti ndilemba mu lipoti kuti anthu a pa Ntaja amatenga nawo mbali. Wina anazula wigi. Wakabaza wina anamukwapula ndi pampu m'khosi. Rashida anatembenuka kufuna ine ndi maso, ndipo pamenepo chidutswa cha njerwa chinamupeza pachibwano. Phokoso lake ndinalimva ndili patali, ngati nkhuni youma ikuthyoka. Anagwa chafufumimba, anthu n'kuyamba kumuponda.

Ndinaliza wezulo. Achemwali, masamba makumi anayi aja sananene kuti kwathu kuno wezulo pa msika imatanthauza kuti kwagwidwa wakuba. Amene anali kutali anasiya malonda awo n'kuthamangira komweko, ena ndi mitengo ya m'mashedi, osafunsa kuti waba chiyani. Ndinaliza kachiwiri, n'kubweranso ena.

Ophelia anadzuka akukuwa kuti ndi sewero, ameneyo ndi mnzake, amagona nyumba imodzi pa ulendowu. Azimayi atatu anamugwira mwachikondi n'kumukhazika pansi, akumuuza kuti asaope mwana wawo, lero mavuto ake atha. Ine ndinkakankha misana ndikufuula kuti ndine mlembi wa seweroli. Palibe anatembenuka. Mlembi nkhope yake saidziwa aliyense. Chomwe ndinapeza ndi kung'ambika kwa thumba la shati.

Kenako wina anaitanitsa tayala. Mnyamata wogulitsa petulo wa njinga zamoto m'mabotolo analandidwa botolo limodzi, n'kumuthira Rashida kuyambira kumutu mpaka m'chiuno. Ndinaona magazi ndi petulo zikuyenderera limodzi m'fumbi. Panali kuchedwa pang'ono chifukwa amene anali ndi machesi anali kumbuyo, ndipo bokosi linkadutsa m'manja ndi m'manja pamwamba pa mitu ya anthu.

Amene anamupulumutsa ndi Che Abdulrahim, ogulitsa nyama ya mbuzi pafupi ndi mzikiti. Analowa pakati ndi chikwanje chawo chodulira mafupa, n'kuima atamutangadza. Sanakuwe. Anangonena kuti woyatsa machesi asankhiretu dzanja limene akufuna kupita nalo kunyumba. Atawerama n'kumupukuta kumaso ndi epuloni, anamuzindikira.

"Uyu ndi mwana wa Che Bilali a ku Chikweo. Ena mwa inu alifu wa ku madrasa munaphunzira kwa bambo ake."

Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana mnzake ngati iye wangofika kumene. Che Abdulrahim anamunyamula n'kumutsekera m'shopu yawo mpaka apolisi atabwera ndi galimoto.

Apolisi anagwira anthu anayi, pamodzi ndi mayi wa chinangwa uja. Ndinamuona ku polisi ndikukapereka umboni, ndipo ndinapita nditakonzeka kumutukwana. Ndinapeza kamayi kowonda, kamsinkhu wa inu nomwe. Anauza wapolisi kuti amuna ake atamwalira, abale awo anabwera kudzasasula malata iye ndi ana ali m'nyumba momwemo, ndipo palibe anamuthandiza. Atamaliza anandifunsa mwaulemu ngati mtsikana uja anabwezeredwa matiresi ake. Ndinayankha kuti eya, anabwezeredwa.

Rashida anagona masiku awiri ku Liwonde, kenako anamutumiza ku chipatala chachikulu kuno. Nsagwada inathyoka malo awiri ndipo aimanga ndi mawaya, ikhala choncho masabata asanu ndi limodzi. Mano anayi anatsala pa Ntaja. Nthiti ziwiri zinathyoka, khungu la m'khosi linasupuka ndi petulo, ndipo khutu la kumanzere silikumva. Adokotala akuti kuyankhula adzayankhula. Nditawafunsa ngati mawu ake adzafikenso kumpando womaliza wa holo popanda maikolofoni, anayamba kuwerenga fayilo ya wodwala wina.

A kanema anatumiza maluwa ndi uthenga wakuti oonera achuluka kwambiri chichitikireni izi, koma sangadikire, ndiye Nagama ndimumalize. Ndinamumaliza Lachitatu. Wafa pa ngozi ya minibasi pa Zalewa, nkhope osaoneka, anthu akungomva pa wailesi. Zaka zisanu ndi zinayi zathera mu tsamba limodzi ndi theka. Ndinasiya pepalalo pa tebulo, Rashida n'kuliwerenga. Anatenga cholembera n'kulemba m'mphepete kuti Nagama sakwera minibasi. Amenewo ndiwo mawu okha amene wandipatsa chitulukireni m'chipatala.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Ali kunyumba kwanga, ndipo chakudya chake ndi phala lamadzimadzi, msuzi ndi mkaka, zonse zodzera pa kapaipi pampata pamene panali mano. Ophelia akabwera amamwa, koma Ophelia ali ndi mwana wakhanda ndi ntchito, amabwera kamodzi pa masiku awiri. Ndikabweretsa ine kapu amatseka maso mpaka nditatuluka. Ndayesa kuika shuga wambiri, ndayesa nthabwala, ndayesa kusiya kapu pa mpando n'kupita panja. Zibangili zikumuvuka m'manja. Adokotala akuti fupa silingalumikizane mwa munthu wosadya. Dzulo ndinapeza dzina lanu litalembedwa pa katoni ya mankhwala, ndiye ndaona kuti kalatayi wandituma ndi iyeyo.

Mukanyamuka Lachisanu m'mawa ndidzakudikirani pa depoti ya ku Limbe, za ulendo nditumiza pa foni ya alamu. Podutsa pa Ntaja mutsike pang'ono mukawaone Che Abdulrahim. Ine ndinawathokoza, koma sindikudziwa chomwe ndinanena. Amayi muwauze za nsagwada ndi mano. Za petulo ayi.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amjomba ndi akazi awo, kwa azakhali a kwa Kawinga, kwa alamu amene ndikuwalanda mkazi kwa mwezi wathunthu, ndi kwa ana onse. Mwana wanu Amira mumuuze kuti mabuku ake sindinaiwale.

Pali chimodzi chimene sindinauze apolisi, ndipo ndibwino muchimve kwa ine musanafike. Titatsika galimoto pa Ntaja, Rashida anayang'ana msika uja n'kundikokera pambali. Anati anthu akumuyang'ana moipa, ndipo ena amutchula kale dzina lija. Anapempha kuti tilengeze kaye kuti ndi sewero, kapena asavale wigi, kapena asinthane mbali ndi Ophelia. Anapempha katatu. Ine ndinamuuza kuti tikalengeza sewero lifa, ndipo amene anapita ku sukulu ya zimenezi ndine. Anangoti chabwino achimwene, koma wezulo musachedwe nayo. Njerwa isanabwere panadutsa nthawi yokwanira kuiliza kakhumi. Ndinaisunga m'manja chifukwa zinkaoneka bwino.

Mukabwera musamukakamize kundikhululukira. Mungomudyetsa.

Ndine mlongo wanu,
Imran