Njere za Esnati Zachita Maluwa

Lachitatu, 22 Januwale

Kwatenthanso lero. Akwana masabata atatu mvula osagwa, chimanga kumunda chapota masamba. Koma ine mtima uli kuseri kwa khitchini.

Njere zija zachita maluwa. Ndi zimene malemu Esnati, mng'ono wanga, anapulula patchire m'mphepete mwa phiri pochokera ku Chipata kooda zitenje. Anandipatsa atazimanga pakansalu, amvekere, "Akulu, izi sizifuna kuthirira." Zakhala m'sutikesi zaka ziwiri, poti ndinkaopa kuti zikakana kumera ndidzamulira kawiri. Mu Novembala ndinalimba mtima n'kuzifesa pamiyala pamene ngakhale bonongwe samera. Sindinathirepo madzi ngakhale kapu imodzi.

M'mawa pochokera kumjigo ndapeza maluwa asanu ndi awiri, ofiirira, pakati pachikasu, njuchi zili piringupiringu. Ndinatula ndowa n'kungokhala pansi.

Amuna anga anandipeza pomwepo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anavula chipewa.

"Mayi a Chikondi, kodi mizu yake ikumwa kuti?"

Ndinafukula pambali ndi chala. Dothi ndi louma mpaka pansi.

Mawa ndikawatenge amayi adzaone okha, poti kufotokoza sindingathe.