Kathumba ka Mchenga

Achemwali anga,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Nkope ana ali bwino, koma bondo langa lija likulirabe ngati chitseko chakale.

Kuchipatala anandiphunzitsa mafizo, kumanga kathumba ka mchenga kuphazi n'kumakweza mwendo. Anandiletsanso kugwada, moti ndikuswalira pampando. Lachisanu lina ndinawapatsa alamu anu madzi osamba m'manja nditaimirira, alendo akuona. Amuna angawo anati, "Mkazi wosagwada ndi mtengo wouma, ntchito yake n'kusonkhera moto." Alendowo anaseka. Mwezi usanathe alamu anuwo anakwatira kamtsikana ka ku Katuli, kogwada ngakhale popereka machesi.

Sindinalire. Munditumizire mafuta opaka pabondo aja, ndipo Allah akusungeni. Kathumbako ndikusunga bwino, achemwali. Ndi magwadidwe amenewa, mkazi mnzangayu adzakafuna tsiku lina, ndipo sindidzamupatsa.

Ndine mng'ono wanu,
Asiyatu