Mapiritsi a Achimwene Anu

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mwendo uja ukundivutabe.

Achimwene anu ananyamuka pa 3 ndi kaboti kawo ka thanga kaja, ulendo wongoyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa nyanja, lero kugona padoko ili, mawa padoko lina. Nditapempha kuti ndipite nawo anati, "Iwe ukangosanza, komanso pogona ndi pa munthu mmodzi." Ndinangoti chabwino. Ndinasoka thanga pomwe linang'ambika, ndinachapa zofunda, mapiritsi awo a mtima ndinawakulunga m'timapepala khumi ndi tinayi, kalikonse ndi tsiku lake.

Lachinayi foni yawo inandiimbira ali padoko lachitatu. Sanali iwo. Anali mawu a mzimayi, aulemu ndithu: "Pepani mayi, mapiritsi oyerawa amamwa asanadye kapena atadya?" Chapatali ndimawamva iwo akuseka.

Ndinati atadya, ndipo asamwere tiyi. Ndikanatani, alamu? Mtima umenewo ndausamala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Akubwera pa 17. Musawafunse kanthu. Mungondiuza ngati chipinda chanu chakuseri chija chikadali chopanda munthu.

Ndine mlamu wanu,
Make mapasa